Ndawonjezera RAM mu HP EliteBook 840 G2 koma laputopu sikuyaka

Mlembi wa Mpingo:
Moni nonse. Ndili ndi laputopu ya HP EliteBook 840 G2 yomwe ndinagula ili yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndi imene ndimalembera malipoti komanso kusungiramo maakaunti a mpingo wathu. Inabwera ndi RAM ya 4GB (kachipangizo kamene kompyuta imasungirako kwa kanthawi zimene ikugwirapo ntchito), ndipo ndikatsegula Excel pamodzi ndi masamba angapo a Chrome imachedwa moti munthu umachita kutopa kudikira kuti fayilo imodzi itseguke. Loweruka lapitali ndinagula RAM ina ya 4GB pa shopu ina yokonza makompyuta, wogulitsayo atanditsimikizira kuti RAM iliyonse ya mtundu wa DDR3 imalowa. Inalowadi bwinobwino pamalo achiwiri oikapo RAM, tizitsulo ta m'mbali n'kuigwira, koma nditayatsa sikirini inangoti bii, fani ikuzungulira, kanyali ka Caps Lock kakuthwanima. Nditaichotsa, laputopu inayaka monga mwa masiku onse. Kodi andigulitsa RAM yakufa, kapena ndinalakwitsa poika?

Wokonza Makompyuta:
Bambo mlembi, musanaweruze kuti RAM ndi yakufa, werengani kapepala kamene kamatidwa pamwamba pake ndipo muyerekeze ndi ka RAM yoyambayo. Ndikukayikira kuti yakale yalembedwa PC3L-12800S, pomwe yatsopanoyo yalembedwa PC3-12800S, yopanda chilembo cha L. Chilembo chimenecho si chokongoletsa ayi. Chimatanthauza DDR3L, yomwe imagwira ntchito ndi mphamvu ya magetsi ya 1.35V, pomwe DDR3 wamba imafuna 1.5V. Laputopu yanuyo inatuluka mu 2015 ndipo ili ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu, yomwe imangolandira ya 1.35V, choncho mukaipatsa ya 1.5V imakana kuyaka ngakhale RAM-yo ikhale yabwinobwino. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti mitundu iwiriyi imafanana kwambiri: yonse ili ndi timano 204 ndipo kampata kake kali pamalo amodzi, motero imalowa popanda kukakamiza. Wogulitsayo sananame kuti imalowa, koma kulowa ndi kugwira ntchito n'zosiyana.

Mlembi wa Mpingo:
Zikomo kwambiri achimwene. Ndatenga magalasi n'kuwerenga timalemba timeneti, ndipo zili ndendende monga mwanenera. Yatsopanoyo ilibe L.

Mayi Mphunzitsi:
Pepani bambo ndi vutoli, inenso linandipezapo pa laputopu ya mtundu womwewu. Popita kukasinthitsa, tengani laputopuyo kuti akaikemo inu mukuona, ndipo musachokepo isanayake. Ngati thumba likulola, ndingakulangizeni kuti muwonjezere ndalama mutenge ya 8GB m'malo mwa 4GB, chifukwa laputopuyi ili ndi malo awiri okha ndipo imafika mpaka 16GB. Mukadzaza malo onse ndi ma 4GB, tsiku lofuna kukwezanso mudzayenera kutaya imodzi. Asakupatseninso DDR4 poti ndi yatsopano, pakuti iyo ili ndi timano 260 ndipo siingalowe n'komwe.

Chinanso chimene simunatchule ndi batire. Pa 840 G2 batire ili mkati, pansi pa chivundikiro chomwe mumatsegula poika RAM, ndipo iyenera kutuluka pamodzi ndi chaja musanakhudze RAM. Kenako gwirani chitsulo china kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, RAM muigwire m'mphepete mokha, muilowetse chopendeka mpaka timano tagolide titabisika, ndiyeno muitsindikire pansi mpaka tizitsulo timveke kuti twa.

Wokonza Makompyuta:
Ndikugwirizana ndi mayi pa za 8GB, ndipo musaope kuiphatikiza ndi 4GB yomwe muli nayo, chifukwa zidzagwira ntchito limodzi n'kukupatsani 12GB, malinga zonse zikhale DDR3L. Ikayaka, tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Task Manager, pitani pa Performance kenako Memory, muone ngati yonse ikuwerengedwa. Mukaona kuti RAM yonse imene kompyuta ingathe kugwiritsa ntchito ndi yosapitirira 4GB, mwina Windows yanu ndi ya 32-bit, ndipo ngati zili choncho muyenera kuika ya 64-bit, apo ayi ndalama zanu zapita pachabe. Muyendetsenso Windows Memory Diagnostic, pulogalamu yoyeza ngati RAM ili bwino, kamodzi muli pa shopu pomwepo, pakuti RAM yogwiritsidwapo kale ntchito imatha kuyatsa laputopu bwinobwino koma n'kumaizimitsa mwadzidzidzi pakapita masiku, ndipo zikatero maakaunti a mpingo aja akhoza kuwonongeka mukulemba. Muli pa Task Manager pomwepo muonenso gawo la Disk: ngati likukhala pa 100% nthawi zambiri ndipo muli hard disk yozungulira, mbali ina ya kuchedwako ikuchokera kumeneko, ndipo RAM yokha siithetsa mpaka mutaikamo SSD, chosungira mafayilo chosazungulira chomwe n'chachangu kuposa hard disk.