Dikoda ikuzima yokha ndipo matchanelo ena asowa: kodi ndingaikonze ndekha kunyumba?

Wofunsa, wa ku Chilenje:
Moni nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za madikoda a setilaiti. Dikoda yanga ndi ya matchanelo aulere, ndipo dishi yake inaloza ku setilaiti ya Intelsat 20, pa madigiri 68.5 kum'mawa. Chiyambire mvula yamphezi ya dzinja lino, pafupifupi theka la matchanelo likungolemba kuti "No Signal", pamene ena onse akuoneka bwinobwino. Chinanso n'chakuti magetsi akazima n'kubweranso, dikodayo imachedwa kuyaka, kanyali kakutsogolo kamangophethira, ndipo nthawi zina imazima yokha n'kuyambiranso pakati pa nkhani. Dishi sinasunthe, mabawuti ake ndi omanga. Kodi vutoli lili m'dikoda kapena lili panja? Ndipo ngati lili m'kati, kodi munthu amene si mmisiri angatsegule n'kukonza yekha?

Mmisiri wa zamagetsi, wa ku Matero:
Achimwene, musanatsegule chilichonse, lowani pamndandanda wa matchanelo muone ngati amene asowawo onse ali ndi chilembo H, pamene amene akuoneka ali ndi V. Ndikufunsa chifukwa dikoda ndiyo imatumiza magetsi kudzera m'chingwe kupita ku LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kwa dishi kaja, ndipo imatumiza mavoti 13 ikafuna matchanelo a V ndi mavoti 18 ikafuna a H. Mphamvu ikachepa, a 13 amafikabe koma a 18 amalephera, n'chifukwa chake theka limasowa dishi ili chilili. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, chotsani chingwe, muyeze pa doko lolembedwa LNB IN, poyamba muli pa tchanelo cha V kenako cha H. Muonenso kuti manambala a LNB m'makonzedwe akadali 9750 ndi 10600, poti madikoda ena amasokonezeka akamazimazima.

Mayi a ku Kabwata:
Ine ndingowonjezera njira yosafuna mita. Nyamulani dikodayo mukailumikize kwa anansi amene dishi yawo inaloza ku setilaiti yomweyo. Ikakagwira ntchito kumeneko, ndiye kuti vuto lili pa chingwe chanu kapena pa LNB. M'nyengo ino madzi amalowa polumikizira pa dishi, waya wapakati n'kuchita dzimbiri, ndipo kawaya kamodzi ka ukonde wakunja kakangokhudza wapakatiyo dikoda imatha kuzima yokha. Dulani kumapeto kwa chingwe, muike cholumikizira chatsopano, mukulunge ndi tepi, ndipo chingwecho chikhote cholozera pansi chisanalowe m'nyumba kuti madzi azidontha panja. Pochita zonsezi dikoda ikhale yozulidwa kukhoma.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri amayi, ndi inunso abambo. Ndaona kuti osowawo onse ndi a H. Kwa anansi yakachitanso chimodzimodzi, ndipo imazima yokha ngakhale chingwe cha dishi chitachotsedwa. Ilibe adaputa yakunja, chingwe chake cha magetsi chimapita molunjika kukhoma.

Mmisiri wa zamagetsi:
Pamenepo ndiye kuti LNB yanu ndi chingwe zilibe mlandu. Ndikukayikira makapasita ang'onoang'ono (tizipangizo tonga timigolo tosunga magetsi) a pa bolodi ya magetsi m'kati mwa dikoda, mbali imene mawaya amachokera kupita ku bolodi yaikulu. Amatopa ndi kutentha komanso ndi magetsi ongozimazima, ndipo nthawi zambiri mudzawaona atatupa pamwamba kapena atatuluka zonga dzimbiri, ngakhale ena amafa akuoneka abwinobwino. Ikanakhala ya adaputa ya mavoti 12 ndikanangoti mubwereke ina muyesere, koma yanuyi ikufuna kusamala. Pa bolodi yomweyo pali kapasita wamkulu, kawirikawiri wolembedwa 400V, amene amatha kusunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazula kukhoma, ndipo kumukhudza ndi chala kapena ndi sikuludalaiva n'kudziputira ngozi. Muyambe mwamuyeza ndi mita, ndipo ngati simudziwa kutsitsa mphamvu yakeyo bwinobwino, ntchitoyi si yanu.

Ngati mumadziwa kuwotcherera, zulani otupawo mupite nawo m'masitolo a zamagetsi ku Kamwala kapena m'tauni, musadalire kukumbukira manambala pamtima. Nambala ya µF (yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene kapasita angasunge) ikhale yofanana ndendende, ya mavoti ikhale yofanana kapena yokulirapo, ndipo musankhe olembedwa 105°C chifukwa m'kabokosimo mumatentha, makamaka dikoda ikamakhala pansi pa TV itafunditsidwa kansalu monga timakondera m'nyumba zathu. Mzere wa m'mbali mwa kapasita umaonetsa mwendo wa negetivu, ndipo mukautembenuza amaphulika.

Pali chimodzi chimene chingasinthe zonsezi. Mukapeza pakuda ngati popserera pafupi ndi doko la LNB IN, ndiye kuti mphezi inalowera m'chingwe cha dishi n'kuwononga kachipangizo kamene kamasintha mavoti 13 ndi 18, ndipo makapasita atsopano sadzabweza matchanelo a H. Zikatero funsani kaye mtengo wokonzetsa muuyerekeze ndi wa dikoda yatsopano. Tsegulani chivundikiro chokha, osakhudza kanthu, mujambule bolodi yonse pamalo owala ndipo muike chithunzicho pano kuti tione.