Kodi mawu akuti scapegoat anachokera kuti, mbuzi ikulowapo bwanji?

Abale ndithandizeni, ku ntchito kwathu kunasowa ndalama za mu kabati sabata yatha ndiye abwana angoloza ine poti ndine ndimatseka shopu madzulo, chonsecho makiyi tili nawo anthu atatu. Mnzanga wina akuti "akupanga scapegoat iwe". Goat ndikudziwa ndi mbuzi, koma mbuzi ikukhudzana bwanji ndi kunamiziridwa? Usiku sindikugona, zikundiwawa zedi.

Pepani achemwali. Mawuwa ndi a m'Baibulo, tsegulani Levitiko 16. Pa tsiku lotetezera machimo ankatenga mbuzi ziwiri, imodzi nkuipha ngati nsembe, inayo Aroni amaika manja ake onse awiri pamutu pake nkuulula machimo a Aisraeli onse kenako munthu amaitenga kukaisiya kuchipululu. Yapita ndi zoipa za anthu ena pomwe yokha sinalakwe kanthu. Amene anayambitsa liwu lachingereziro ndi William Tyndale mu 1530 pomasulira mabuku a Mose, iyeyo liwu lachihebri loti Azazel analimva ngati mbuzi yothawa, escape goat, nkukhala scapegoat.

Zoona akulu, ndipo Tyndale yemweyo anamupha mu 1536 ku Vilvoorde pafupi ndi Brussels pomuimba mlandu wa chiphunzitso chonyenga.

Mayi, afunseni abwanawo ngati anakugwirani red-handed. Limenelo linachokera ku malamulo akale a ku Scotland, munthu wogwidwa magazi adakali m'manja atapha munthu kapena nyama ya eni ake, umboni uli poyera osati zongoganizira. Inu anakupezani ndi chani m'manja? Ndipo tsiku lasowa ndalamalo ngati munali kwina nenani, imeneyo ndiye alibi, ndi Chilatini chotanthauza "kwina" basi.

Zikomo nonse, ndawerenga Levitiko ija kawiri ndipo misozi inalengeza pa vesi 22 pamene akuti mbuziyo isenze mphulupulu zawo zonse. Lachitatu lomwe ndalamazo zinasowa ine ndinaweruka 3 koloko kupita ndi mwana kuchipatala, buku lake la kuchipatala lili ndi deti ndi sitampa, mawa ndilitenga ndikawaonetse. Koma ndifunsenso, pa Chichewa chathu tili ndi mwambi wa munthu wosenzetsedwa mlandu wa ena? Agogo anga ankakonda kuti mlandu suwola koma umenewo ndi wa wolakwa weniweni, ine ndikufuna wa wonamiziridwa.