Epidural yagwira kumanzere kokha, kumanja mayi akulirabe

Chisomo M.
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi wa makilo 62, mimba yachiwiri, njira yatseguka masentimita 5. Epidural (mankhwala a dzanzi oletsa ululu wa leba, odzera mu kachubu ka pamsana) yabayidwa pakati pa mafupa a msana a L3/L4 ndi singano yake ya Tuohy 18G, sirinji ya saline inafewa pa masentimita 5 kusonyeza kuti singano yafika pamalo ake, kachubu kamatidwa pa masentimita 12 pakhungu. Walandira 15 ml ya bupivacaine 0.1% (mankhwala a dzanzi) yosakaniza ndi fentanyl (wopha ululu) 2 mcg pa ml. Patha mphindi 30. Poyeza dzanzi, kumanzere ayezi sakumumva mpaka pamchombo, phazi lakumanzere lafunda komanso lauma, koma kumanja kuzizira akukumva konse, ndipo mimba ikalimba akugwira pansi pa mimba kumanjako n'kumalira. BP 118/70, mtima wa mwana 140. Ndimupatse bupivacaine wamphamvu wa 0.25% kapena ndingochotsa kachubu?

Bambo Nkhoma
A Chisomo, musanatsegule botolo lina werengani kachubuko. 12 kuchotsa 5 ndi 7, ndiye kuti mkati muli masentimita 7, pamene ofunika ndi 4 kapena 5 basi. Kachubu kakalowa kwambiri sikayenda mowongoka, kamakhotera mbali imodzi, nthawi zina nsonga yake n'kukatulukira pabowo lomwe pamadutsa mtsempha. Mankhwala onse akuthera kumanzereko.

Valani magolovesi osakhudzidwa, matulani pulasitala pang'onopang'ono, muone kaye ngati nambala ikadali 12 komanso ngati thonje silinanyowe. Kokani kachubu mpaka pakhungu pawerengeke 9 kapena 10. Kokani sirinji muone ngati mukubwera magazi kapena madzi oyera. Ngati mulibe, matani, perekani 10 ml ya mankhwala omwewo, 5 ml kenako 5 ml. Azamba ayeze BP mphindi 5 zilizonse kwa mphindi 20 ndipo azimvetsera mwana. Kukokaku n'kololedwa chifukwa singano inachoka kale. Kachubu sitikakoka singano ili pamsana, kamaduka n'kutsalira mkati.

Mayi Gondwe
Ndikugwirizana nawo a Nkhoma, ndipo 0.25% ayi. Vuto pano si mphamvu ya mankhwala koma komwe akufika. Chomwe chimawafalitsa ndi kuchuluka kwa madzi. Mukapereka amphamvu koma ochepa mwendo wakumanzere ulemera ngati chipika, kumanja kukhala momwemo. Kafukufuku wa COMET yemwe anatuluka mu magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2001 anaonetsa kuti amayi opatsidwa mankhwala osungunulidwa amachira okha kwambiri, osafunika zipangizo zokokera mwana za vacuum kapena forceps, kuyerekeza ndi opatsidwa 0.25%. Tisamulande mayi mphamvu yokankhira mwana.

Kwa amene akusakaniza okha: 10 ml ya bupivacaine 0.5% wamba, 2 ml ya fentanyl yomwe ndi 100 mcg, saline 38 ml, zonse 50 ml. Onetsetsani kabotoloko kawiri, isakhale heavy, bupivacaine wolemera uja wa spinal (jakisoni wolowa m'madzi a mumsana). Lembani pa sirinji nthawi yomweyo, ndipo isagone mu thireyi imodzi ndi mankhwala a mudripi.

Tiyamike
Nanga kumugoneka chakumanja komwe kukupwetekako? Ambiri amatero.

Mayi Gondwe
Mugonekeni, sizilakwika, chifukwa chagada ndiye sayenera kugona, chiberekero chimapsinja mitsempha ikuluikulu ya magazi BP n'kutsika. Koma musadalire kugonekako. Mankhwala a epidural satsetsereka ngati heavy ya spinal, choncho popanda kukoka kachubu ndi kuwonjezera madzi simusintha zambiri.

Dr. Kamanga
Funso limodzi lisanaiwalike: mwana woyamba anachira bwanji? Ngati pali chipsera cha opaleshoni, ululu wodutsa epidural tisamauthamangire ndi sirinji. Mufunseni ngati ukutha mimba ikafewa. Wosaleka, wofika paphewa, mtima wa mwana ukusintha kapena magazi akutuluka, ganizani za kung'ambika kwa chiberekero kapena nsengwa yomatuka, muitane a matenite msanga. Chikhodzodzo chodzaza nachonso chimapweteka modutsa epidural, ndipo mwana woyang'ana kumwamba amapweteketsa msana ndi kumatako.

Yezaninso dzanzi m'mwamba kumanzereko. Likakhala lakwera mosayenerana ndi mankhwala omwe mwapereka, lili la apa ndi apo, mphuno yatsekeka kapena chikope chimodzi chagwa, kachubu kakhoza kukhala mu subdural, malo olakwika pakati pa zikopa ziwiri zokuta madzi a mumsana. Kameneko sitikoka, timachotsa.

Chisomo M.
Woyamba anachira bwinobwino, chipsera palibe. Ululu ukubwera ndi kulimba kwa mimba n'kutha. Wakodza posachedwa. Kumanzere dzanzi laima pamchombo, nkhope ili bwino. Ndikukoka tsopano.

Bambo Nkhoma
Dziikireni malire a nthawi. Pakatha mphindi 20 mpaka 30 kumanja kusanagwire, chotsani mubaye pena, osamangowonjezera. Bupivacaine asapitirire 2 mg pa kilo m'maola 4, kwa mayiyu ndi 124 mg. Mwapereka 15 mg, mukuwonjezera 10 mg, ndiye mpata ulipo, koma muziwerengera. Pobaya kachiwiri onetsetsani kuti muli pakatikati, mapewa ndi chiuno zili zowongoka, ndipo ngati BP yake inakwerapo pa sikelo onani kaye ma platelet, tizigawo tothandiza magazi kuundana.

Tiyamike
Akuluakulu, nanga zitasintha mwadzidzidzi akuti tipite ku fiyeta, kachubu komweka tingakagwiritse ntchito? 20 ml ya lignocaine 2%, mankhwala ena a dzanzi, imatsegula paliponse.

Dr. Kamanga
Apa ndiye tisamale, a Tiyamike. Kachubu komwe kakuvuta ku leba kadzakuchititsani manyazi mpeni uli pamimba. Ndipo choopsa chenicheni n'chakuti mwathira 20 ml, yakana, kenako mukubaya spinal pamwamba pake. Madzi mwadzaza mu epidural aja amafinya thumba la madzi a mumsana, ndiye mulingo wa masiku onse wa spinal umakwera mpaka pakhosi. Mayi amayamba kunena kuti manja achita dzanzi, mawu n'kumachepa, mtima n'kutsika, kupuma n'kuleka.

Choncho chiganizo chipangidwe musanathire kanthu. Epidural yokayikitsa: chotsani, bayani spinal, heavy bupivacaine 0.5% pafupifupi 2 ml, ephedrine wokweza BP, oxygen ndi zogonetsera zili pafupi. Epidural yomwe yagwira mbali zonse: lignocaine 2% 20 ml, muikemo 0.1 ml ya adrenaline wa 1:1000 kuti akhale 1:200,000, muzipereka 5 ml nthawi imodzi muli pambali pa mayi ndi monita, osati mu kolido. Lignocaine ameneyu ndi 400 mg, ndipo malire a 7 mg pa kilo kwa makilo 62 ndi 434 mg, ndiye palibe zowonjezera. Asadule mpaka ayezi asamveke kufika pamawere mbali zonse ziwiri.

Mayi Gondwe
Ndipo muzimulankhula mayi pakati pa ma 5 ml amenewo. Akati mkamwa mukumveka ngati chitsulo, m'makutu mukulira kapena milomo yachita dzanzi, siyani pomwepo, mankhwala alowa mumtsempha wa magazi. Dziwiranitu ngati Intralipid 20%, wothetsa poizoni wa mankhwala a dzanzi, alipo ndi komwe amasungidwa: 1.5 ml pa kilo poyambira, kwa mayiyu 93 ml. Ephedrine wa 30 mg musungunule akwane 10 ml, 2 ml ndi 6 mg.

Chisomo M.
Ndakoka kufika pa 9, sirinji sinabweretse kanthu, 10 ml yalowa. Patha mphindi 25 ayezi sakumveka mpaka pamchombo mbali zonse, mapazi onse afunda, miyendo akuikweza yekha. BP inatsika kufika 104/62, ili bwino atagona cham'mbali. Zikomo kwambiri akuluakulu.

Bambo Nkhoma
Lembani pa fayilo kuti kachubu tsopano kali pa 9, mkati mwatsala masentimita 4 okha, ndiye kakasuntha pang'ono katuluka. Matani bwino, azamba aziona nambalayo nthawi iliyonse akamutembenuza, ndipo wolowa usiku mumuuze kuti epidural imeneyi inayamba ndi mbali imodzi.