Maulendo a kusukulu akudya masiku athu opuma

Mkulu wa shifiti B ya ozimitsa moto: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndangotha miyezi itatu pa udindowu. Abwana akufuna tiziyendera sukulu kukaphunzitsa ana za moto, makamaka pamene tikuyandikira 4 May, tsiku la ozimitsa moto padziko lonse. Ine maulendowa ndinawaika pa masiku opuma, poopa kusiya siteshoni yopanda anthu. Pano anyamata ayamba kuzemba, wina mwana wadwala, wina foni yazima. Kunyumba nakonso kwavuta. Loweruka lapitali mwana wanga ankasewera mpira, anandidikira mpaka mpira kutha, ine ndili kwina kuonetsa ana a eni ake kuti moto wa mafuta sathira madzi. Mayi ake sanandiyankhule tsiku lonse.

Wopuma ntchito: Mwana wanga, anyamatawo sanalakwe. Munthu wakoka mapayipi usiku wonse, maso ali psuu, iwe ukuti mawa lake achape nkhope akaimirire pamaso pa ana? Tsiku lopuma ndi la thupi lake ndi banja lake. Ife tinkapita ndi shifiti yomwe ili pa ntchito, galimoto yomweyo, wailesi ili yoyatsa. Sankha sukulu zapafupi, galimoto uyiimike yoloza kugeti, aphunzitsi uwauziretu kuti tikaitanidwa tinyamuka osatsanzika. Tsiku lina tinathawadi phunziro lili pakati. Anawo anakondwa kuposa masiku onse.

Dalaivala: Madala anena zoona. Kungoti a ku control, omwe amalandira mafoni a ngozi n'kutumiza galimoto, azidziwa komwe galimoto ili. Ndipo madzi a m'thanki musamathere pa zionetsero.

Mlangizi wa BA (zida zopumira mu utsi): Achimwene, ndifunseko zina. Zovala zomwe mumaonetsa anazo mumazitenga kuti?

Mkulu wa shifiti B: Ndi zanga zomwe, achemwali. Ndimazitenga madzulo, zimagona m'buti ya galimoto kapena pakhonde, m'mawa ndingonyamuka. Ana amakonda kuvala chisoti n'kujambulitsa.

Mlangizi wa BA: Apa ndiye pandiopsa kuposa nkhani ya rosita. Pukutani lamba wa chisoticho ndi nsalu yoyera muone zomwe zitsalirepo. Mwayewo si dothi wamba, muli zotsalira za pulasitiki, matiresi ndi penti zomwe zinapsa. Mu 2022 bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa pansi pa WHO, linaika ntchito yathuyi m'gulu 1, gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo linatchula mesothelioma (khansa yomwe nthawi zambiri imagwira kachikopa kokuta mapapo) ndi khansa ya chikhodzodzo. Inu mukuika lamba ameneyo pachibwano cha mwana, jekete n'kugoneka pomwe ana anu amasewera. Zovala zolowera m'moto zizitsala ku siteshoni, zichapidwe konko, osati pamodzi ndi zovala za m'nyumba. Nanunso muzisamba mukangochoka ku moto, musananyamule mwana. Za kusukulu pezani seti imodzi yomwe sinalowepo mu utsi.

Chinanso, poti tayamba kale. Musamafike m'kalasi mutavala zonse. Lowani ndi yunifolomu wamba, ana akuoneni nkhope, kenako muzivala chimodzichimodzi iwo akuona, mpaka masiki. Tsegulani silinda ya mpweya amve kapumidwe kaja ka fuu, fuu, mugwade pansi, muwayankhule. Nyumba ikamayaka ana ambiri amabisala pansi pa bedi kapena m'wadirobu, ndipo chinthu chopuma choncho chikalowa mu utsi amakhala chete chifukwa cha mantha. Akachiona masana amadzachizindikira.

Wopuma ntchito: Zimenezo m'nthawi yathu palibe anatiuza. Jekete lakuda bii tinkaliyesa ulemu.

Mkulu wa shifiti B: Ndachita manyazi, koma ndamva. Ndalankhula ndi abwana m'mawa uno. Avomera kuti sukulu zapafupi tizipita ndi shifiti ya pa ntchito. Zakutali zija ndi za odzipereka okha, ndipo tsiku lawo lizibwezedwa. Anyamata awiri alembetsa kale popanda kuwakakamiza. Buti ndatsuka. Loweruka likudzali ndili ku mpira.

Dalaivala: Kosungira katundu ku siteshoni kwathu kuli jekete ndi thalauza zatsopano zomwe zinakulira aliyense. Ndifunsa ngati tingakubwerekeni. Chisoti chokha mufufuze kwina.