Ndagulira makolo TV yopyapyala koma ikungolemba "No Signal"

Chitsiriza:
Abale ndithandizeni. TV ya makolo anga, yakale ija ya chimimba kumbuyo, inafa mwezi watha, ndiye ndawagulira yopyapyala ya mainchesi 32, yotchipa, dzina lake ngakhale ine sindinalimvepo. Dikoda yawo imalumikizidwa ndi mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira. Koma kumbuyo kwa TV yatsopanoyi kuli mabowo awiri a HDMI, limodzi la USB, ndi kabowo kamodzi kakang'ono kolembedwa AV IN. Bambo akhala pampando kuyambira m'mawa, rimoti m'manja, akungondiyang'ana. Ndikabweze?

Wamawaya:
Musabweze achimwene. Kabowo kameneko kamafuna kachingwe kafupi, mbali ina kali ndi pulagi ngati ya mahedifoni, mbali inayo mabowo atatu a mitundu yomweyo. Kawirikawiri kamabwera m'katoni momwemo, fufuzani bwino. Koma yambani mwatembenuza dikodayo. Ngati ili ndi bowo la HDMI, mawaya atatuwo asiyeni, gulani chingwe chimodzi cha HDMI, chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Chotchipa chimakwanira, TV zambiri za mainchesi 32 ndi za 720p basi, mlingo wa chithunzi wosafuna chingwe chodula. Mukalumikiza dinani Source kapena Input pa rimoti ya TV, musankhe bowo lomwe mwalowetsamo. "No Signal" nthawi zambiri ndi pamenepo.

Mayi a Awiri:
Ine ndinapsa nazo. Ndinagula kabokosi kosinthira, osadziwa kuti kamagwira mbali imodzi yokha. Ndinatenga ka HDMI kupita ku AV pomwe ndimafuna ka AV kupita ku HDMI. Kali m'dirowa mpaka lero.
Chinanso, akuluakulu marimoti awiri amawasokoneza. Apongozi anga ankangodina Source mwangozi n'kundiimbira foni usiku kuti TV yafa. Ndinamata tepi pabatanipo, mtendere unabwera.

Chitsiriza:
Zatheka! Dikodayo ndi yakale, HDMI ilibe, koma kachingwe kaja ndakapeza. Amayi anali atatenga kale katoni n'kusungiramo nsalu, kanali pansi penipeni m'kapulasitiki limodzi ndi zomangira miyendo. Chithunzi chikuoneka chofufuma pang'ono, koma bambo akuti chikuposa cha kale. Dandaulo latsopano ndi mawu, akuti owerenga nkhani akumveka ngati akulankhulira m'ndowa.

Wamawaya:
Masipika a TV zopyapyala ndi ang'ono ndipo ambiri amayang'ana pansi. Lowani mu Sound, musankhe Speech kapena News ngati ilipo. Zikakanika, waya woyera ndi wofiira uja mulowetse mu wailesi yawo ngati ili ndi bowo lolowetsera mawu lolembedwa AUX, ku TV kupite wachikasu yekha.