Masters ya unamwino ya pa intaneti, alipo anapangapo?

MayiWaKuChibanja
Moni anamwino anzanga. Digiri ndili nayo kale ndipo ndikugwira pachipatala china konkuno ku Mzuzu, nde ndikufuna kupanga masters koma zoti ndisiye ana ndi ntchito ndikakhale ku Lilongwe kapena ku Blantyre panopa sizingatheke ayi. Pa Facebook ndikumaona masukulu aku America akutsatsa MSN (masters ya unamwino) ya Family Nurse Practitioner (namwino yemwe amapima odwala ndi kulemba mankhwala), akuti zonse pa intaneti. Ndikufuna yoti ndizikhalabe ndi odwala osati zamuofesi. Ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama.

Katoto_Naiti
Asisi dekhani kaye. Mawu oti "zonse pa intaneti" aja amanena za makalasi okha, koma nurse practitioner sangamalize opanda ma clinical, maola osachepera 500 akuona odwala pansi pa preceptor (wokuyang'anirani pa ntchitoyo) yemwe sukuluyo yamuvomereza, ndipo masukulu ambiri amafuna mukhale ndi laisensi ya RN (registered nurse) yakonko kutanthauza kuti mayeso a laisensiyo, a NCLEX, mulembe kaye. Nde mudzifunse, preceptor ameneyo mumupeza kuti, ku chipatala cha Mapale? Alembereni imelo muwafunse mosapsatira kuti kodi munthu ali ku Malawi mumamutenga, nanga ma clinical angapangire kuno? Akayamba kuzungulira mudziwe kuti akungofuna ndalama ya fomu. Onaninso ngati pulogalamuyo ndiyovomerezeka ndi mabungwe aku America ounika maphunziro a unamwino ngati CCNE kapena ACEN, chifukwa popanda zimenezo ngakhale mayeso a satifiketi ya nurse practitioner, a ANCC kapena AANP, sakulolani kulemba.

AnkoloAkuLuwinga
Ine funso langa ndi lina, pepalalo mukufuna likagwire ntchito kuti? Ngati ndi kunja chabwino. Koma ngati mukhala kuno, nurse practitioner ndi udindo waku America, amapima, amalemba mankhwala, mmadera ena amatsegula kiliniki payekha. Kwathu kuno ntchito imeneyo ambiri amene amaigwira ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo zomwe namwino amaloledwa kupanga amanena ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi osati sukulu yomwe yakupatsani pepala. Nde musanalipire ngakhale 1 tambala alembereni a khonsolo, muwapatse dzina la sukulu ndi mndandanda wa makosi, akuyankheni polemba osati pafoni. A NCHE (National Council for Higher Education) nawonso afunseni, ndi amene amaunika mapepala akunja. Zimawawa kuvutika zaka ziwiri kenako kubwerera pa giredi yomwe ija.

MayiWaKuChibanja
Eeh za laisensi yakonkozo sanalembe pamwamba, ndazipeza pansi penipeni tizilembo ting'onoting'ono. Nde kuli bwino ndingosiya?

Zolozolo_Mzamba
Kusiya ayi achemwali, kungosankha bwino. Za pa intaneti zimayenda bwino ndi maphunziro osafuna wodi, ngati public health, nursing education kapena utsogoleri, zimenezo mutha kupanga muli pakhomo. Koma inu mwati mukufuna za odwala, pamenepo ine ndingati yang'anani KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), ija inapangidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ali ndi ma masters ngati a uzamba ndi child health ndipo ma clinical ake ndi mzipatala zathu zomwezi, matenda akenso omwe timakumana nawo daily, malungo, TB, HIV, amayi a BP yokwera. Afunseni mmene makalasi amayendera, mwina ndi study leave zitha kutheka, agogo awo nkugwirizira ana.

China ndi fizi. Zakunja mumalipira madola, ndipo mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44%, amene anali pakati pa kosi anangodzuka ngongole yakula yokha, osanenanso zopeza forex kubanki. Werengerani kosi yonse osati semesita imodzi.

Katoto_Naiti
Ndinaiwala za nthawi. Kalasi ya 7 koloko madzulo ku New York kuno imakhala 1 kapena 2 koloko usiku, inu muli pa naiti kapena magetsi azima, bando nayo ikutha. Funsani ngati amajambula makalasi kuti muzionera nthawi yanu. South Africa nthawi ndi imodzimodzi ndi yathu nde kumeneko vuto limeneli kulibe.

MayiWaKuChibanja
Yewo chomene nonse. Kalata ya ku khonsolo ndilemba Lolemba. Ankolo, imafunika kudzera kwa a matroni kapena nditha kungotumiza ndekha?