Cigar yamphamvu yandizunguza mutu, ndalakwitsa pati?

Wofunsa: Abale, dzulo ndinasuta cigar yopangidwa pamanja ya ku Nicaragua, poyamba tsabola yekhayekha kummero kenako chizungulire. Ndimafunitsitsa nditaimva kukoma kwake, ndithandizeni.

Yankho 1: Achimwene mwina munameza utsi. Cigar sitimeza ayi, mumangousunga mkamwa pang'ono nkuutulutsa, komanso muzidya kaye chifukwa yamphamvu imakhala ndi masamba a ligero, apamwamba pa mtengo wa fodya omwe amawombedwa dzuwa kwambiri, nikotini wake ndi wambiri.

Yankho 2: Osathamanga nayo, kukoka kamodzi pa mphindi basi, ikatentha imawawa. Ine ndimaikondera pakatikati, tsabola uja akazilala kumabwera kakomedwe ka khofi ndi chokoleti chakuda, kwinaku kafungo ka chikopa, eee pamenepo ndimangoti phee.

Yankho 3: Chizungulire chikayamba isiyeni kaye, nyambitani shuga pang'ono.